Okonzekeretsa intavyu ku Chipata: akafika pa funso la malipiro amakusiyani panjira

M'ma business centre a m'tauni ya Chipata ku Zambia, momwe timapita kukapanga fotokope ya NRC (chitupa cha unzika) ndi kusindikiza ma CV, muli ntchito ina yomwe achinyamata akuithamangira: kukonzekeretsa munthu amene waitanidwa ku intavyu. Mumalipira, wina amakhala nanu patebulo, amakukonzerani CV ndi kalata, kenako amakufunsani mafunso ngati kuti ndiye bwana wolemba ntchito. Ena amachita zimenezi pa WhatsApp potumizirana ma voice note, zomwe zimathandiza a ku Lundazi, Chadiza kapena Petauke amene sangakwere basi kungodzayeserera. Ndemanga ino sikuloza shopu imodzi, chifukwa kaphunzitsidwe kawo kamafanana kwambiri. Ikuyesa ntchitoyi pa funso limodzi lomwe limagwetsa anthu ambiri anzeru zawo, lakuti mukufuna tizikulipirani zingati.

Zabwino zilipo, ndipo n'zosabisika. Munthu amene sanalowepo m'chipinda momwe mwakhala anthu atatu kapena anayi omuyang'ana amapindula akayeserera kaye. Amamva mawu ake akunjenjemera pamaso pa munthu mmodzi wachilendo, n'kuzolowera. CV imatuluka yaukhondo, masamba awiri, yopanda zolakwika za kalembedwe. Amakukumbutsani kutenga masatifiketi enieni pamodzi ndi makope ake, kufika msanga, kuzimitsa foni. Pa funso lakuti tiuzeni za inu, wokonzekeretsa wabwino amakuletsani kuyambira kumudzi komwe munabadwira ndi sukulu ya pulayimale, n'kukuwongolerani kuti muyambe ndi ntchito yomwe mumaidziwa. Pa zimenezi ndalama yanu siitayika.

Vuto limayamba mukafika pa malipiro. Ambiri amakupatsani chiganizo chimodzi choti muloweze, ndipo chimakhala chimodzi mwa ziwiri. Choyamba n'chakuti, ndilandira molingana ndi ndondomeko ya kampani yanu. Chachiwiri n'chakuti, tikhoza kukambirana. Akatero amapita pa funso lina. Palibe amene watulutsa kakyuleta, palibe amene wakufunsani kuti lendi mumalipira zingati, palibe amene watchula msonkho. Gawo lomwe lidzalamulira moyo wanu kwa zaka ziwiri kapena zitatu limatha m'mphindi ziwiri.

Yankho loyambalo silolakwika paliponse. M'boma ndi lolondola ndithu. Mphunzitsi kapena namwino wolembedwa ndi boma sakambirana malipiro payekha, chifukwa ali pa sikelo, ndipo kukwera kwake kumadutsa m'zokambirana za boma ndi mayuniyoni komanso ku Emoluments Commission, nthambi yoona za malipiro a ogwira ntchito m'boma, yomwe lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2022. Kumeneko chofunika kufunsa n'chakuti mukulowera pa sikelo iti, ndipo ngati akukutumizani kumudzi, kodi malowo ali m'gulu lolandira alawansi ya rural kapena remote hardship. Koma ofunsira ntchito ambiri kuno sakupita m'boma. Akupita ku makampani a fodya ndi thonje, ku mabungwe omwe si aboma, ku masitolo a zipangizo zomangira, ku makampani obwereketsa ndalama, ku masukulu a anthu wamba, ku malo ogona alendo a ku Mfuwe. Malo ngati amenewa kawirikawiri amakhala ndi malire a pansi ndi a pamwamba pa udindo uliwonse. Mukanena kuti mulandira chilichonse, mwawapatsa chilolezo chokuikani pansi penipeni, ndipo n'zomwe amachita, popeza bajeti yawo nayonso ndi yothina.

Yankho lachiwiri limagwa mukangofunsidwa kachiwiri. Zimayenda chonchi. Mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito amati, "Chabwino bambo, tikambirane. Tiyambire pa zingati?" Mnyamata sanakonzekere nambala, ndiye amatchula yomwe yabwera m'mutu: "K8,000, amayi." Mayiwo amalemba, n'kufunsa, "Imeneyo ndi gross kapena net?" Iye poopa kuoneka wosadziwa amati gross, osadziwa kuti gross ndi malipiro onse asanadule kanthu, pamene net ndi zotsala akadula msonkho ndi zina. Kumtima akuganiza kuti K8,000 ndi yomwe izilowa mu akaunti pakutha pa mwezi.

Taonani zomwe wavomera. Malinga ndi magawo a PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, omwe anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2024, K5,100 yoyamba pa mwezi ilibe msonkho. Kuchokera pamenepo kufika K7,100 msonkho ndi 20 peresenti, kuchokera pa K7,100 kufika K9,200 ndi 30 peresenti, ndipo zonse zopitirira K9,200 zimadulidwa 37 peresenti. Pa gross ya K8,000, gawo lachiwiri limadya K400, lachitatu limadya K270, pamodzi K670. NAPSA, thumba la penshoni, imatenga 5 peresenti ya malipiro, yomwe ndi K400. NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo, imatenga 1 peresenti ya basic, malipiro osaphatikiza ma alawansi, ndiye ngati basic yake ndi K5,500, ndi K55. Zotsala ndi K6,875. Mnyamata uja wataya K1,125 mwezi uliwonse pa zomwe ankayembekezera, chifukwa cha liwu limodzi lomwe analiyankha mwamantha. Kuti azilandira K8,000 m'manja, anayenera kutchula gross ya pafupifupi K9,800: PAYE ikanakhala K1,252, NAPSA K490, NHIMA K65 pa basic ya K6,500, n'kutsala K7,993. Kusiyana kwa K8,000 ndi K9,800 si kochepa, ndipo simungakukonze mutasaina kale kontrakiti.

Masamu amenewa satenga mphindi khumi. Wokonzekeretsa amene amalandira ndalama za anthu ayenera kuwadziwa pamtima, ndipo ayenera kuona pa webusayiti ya ZRA, bungwe lotolera misonkho, ngati magawowo asintha, popeza boma likhoza kuwasintha pa bajeti ya chaka chilichonse. Apa m'pamene ntchitoyi imalephera kwambiri. Kutchula nambala osadziwa ngati ndi gross kapena net kuli ngati kugwirizana mtengo wa chimanga ku Saturday Market musanaone kukula kwa meda yomwe akuyezera.

Chachiwiri chomwe samaphunzitsa ndi kagawidwe ka malipiro, ndipo ichi n'chobisika kuposa msonkho. Makampani awiri akhoza kukupatsani gross yofanana ya K8,000. Ina ikuti basic K5,500, zotsala ndi ma alawansi a nyumba, thiransipoti ndi chakudya chamasana. Inzake ikuti basic K4,000, ma alawansi K4,000. Pa peyisilipi ya mwezi ndi mwezi simuona kusiyana kwenikweni. Koma lamulo la Employment Code Act la 2019 limati wogwira ntchito pa kontrakiti yopitirira miyezi 12 alandire gratuity, ndalama yoperekedwa kontrakitiyo ikatha, yosachepera 25 peresenti ya basic yonse ya nthawiyo. Pa zaka ziwiri, woyamba adzatenga K33,000, wachiwiri K24,000. Ndi K9,000 yomwe yapita chifukwa sanafunse kuti basic ndi zingati. Ovataimu nayonso imawerengedwa kuchokera pa malipiro a pa ola, ndiye basic ikachepa zonse zotsamira pa iyo zimachepa. Dziwaninso kuti magulu ena a antchito anachotsedwa pa lamulo la gratuity limeneli, choncho musamangoganiza kuti ilipo. Funsani, ndipo muione italembedwa mu kontrakiti.

Nanga nambala yoti mutchule muipeza kuti? Okonzekeretsa ena amakuuzani kuti mufufuze pa intaneti. Malangizowa ndi osakwanira, chifukwa manambala ambiri omwe mungapeze ndi a ku Lusaka kapena a kunja, ndipo mukawatenga osawasefa mudzatchula malipiro omwe kampani ya ku Katete singawafikire. Pali njira zodalirika kuposa imeneyo. Yambani ndi malipiro otsikitsitsa omwe lamulo limalola. Kuyambira pa 1 Januwale 2024, malipiro otsikitsitsa a wantchito wamba ndi K2,313.10, momwe basic ndi K1,487, alawansi ya nyumba ndi 30 peresenti ya basic yomwe ndi K446.10, thiransipoti K200, chakudya chamasana K180. Wantchito wa pakhomo ndi K1,300. Ngati ntchito yomwe mukufunsira ili m'magulu otetezedwa ndi malamulo amenewa, wolemba ntchito saloledwa kutsika pamenepo, ndipo a ku ofesi ya Labour angakuuzeni gulu lomwe udindo wanu ukugwera. Wokonzekeretsa wosadziwa manambala awa sayenera kulangiza mtsikana amene akukafunsira ntchito ya pa kauntala ya sitolo.

Kenako werengani moyo wanu weniweni. Lendi ya chipinda ku Mchini kapena ku Nabvutika si yofanana ndi ya nyumba ku Kalongwezi. Onjezerani mayunitsi a magetsi, madzi, makala, ufa, ndiwo, mabando a foni, ulendo wopita ndi kubwera kuntchito kwa masiku 22 kapena 26, fizi ya mwana ngati ali pa sukulu yolipira, ndi kangachepe kotumiza kumudzi, komwe tonse timadziwa kuti sikalephera. Bungwe la Akatolika la JCTR (Jesuit Centre for Theological Reflection) limatulutsa mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu m'matauni osiyanasiyana, ndipo Chipata ili m'gulumo. Muuone kuti muyerekeze ndi kuwerenga kwanu. Nambala yomwe ituluke apa ndi net yomwe simungatsike pansi pake. Iyi ndi yanu, simukaitchula mu intavyu. Wolemba ntchito salipira lendi yanu, amalipira ntchito yanu, ndipo kumuuza za mavuto a pakhomo kumangomusonyeza kuti muvomera chilichonse.

Pomaliza funsani anthu. Pezani awiri kapena atatu omwe akugwira ntchito yofanana m'makampani ofanana kukula, kutchalitchi, pakati pa anzanu a ku koleji, kapena m'magulu a WhatsApp a ntchito yanu. Musawafunse kuti inu mumalandira zingati, ambiri sayankha. Afunseni kuti munthu wongoyamba udindo umenewu amayambira pati, ndipo wazaka zitatu amafika pati. Funso lotere amaliyankha momasuka popeza silikukhudza thumba lawo. Zotsatsa ntchito pa mawebusayiti ngati GoZambiaJobs nthawi zina zimatchula malipiro, ndipo ngakhale zili za ku Lusaka zimakusonyezani denga.

Mukakhala ndi zinthu zitatuzi, yankho limadzipanga lokha, ndipo silifuna kuloweza. Akakufunsani, choyamba bwezani funso mwaulemu: "Zikomo bwana. Ndisanatchule, kodi udindo umenewu uli ndi malire omwe munaika kale?" Ena amakuuzani pomwepo, makamaka mabungwe omwe ali ndi sikelo yochokera kwa opereka thandizo. Akakana n'kunena kuti akufuna kumva kwa inu, musazembenso kachiwiri, chifukwa kuzemba kawiri kumaoneka ngati simukudziwa mtengo wa ntchito yanu. Nenani chonchi: "Poona ntchito zomwe zalembedwa pa udindowu, ndi zaka zitatu zomwe ndakhala ndikusunga mabuku a katundu, ndikuyembekezera gross ya pakati pa K9,500 ndi K11,000. Ndingakondenso kudziwa kuti basic ndi zingati ndi zina zomwe mumapereka." Mwatchula gross momveka, mwapereka chifukwa chochokera ku ntchito, mwatsegula khomo la kagawidwe. Mukatero khalani chete. Ambiri amawononga apa: bwana akangokhala duu akulemba, iwo amachita mantha n'kuwonjezera kuti, koma ngakhale K7,000 ndikhoza kulandira. Chete uja ndi wa bwana, musamuthandize kumudzaza.

Malire anu asatalikirane kwambiri. Kunena kuti pakati pa K5,000 ndi K12,000 n'chimodzimodzi kusanena kanthu, ndipo adzamva K5,000 yokha. Nambala ya pansi ikhale yomwe mungailandire osadandaula, chifukwa kawirikawiri ndi yomwe amakupatsani.

Pali uphungu umodzi womwe umaperekedwa m'malo ena okonzekeretsa womwe ndi woopsa, ndipo uyenera kukanidwa poyera. Amati akakufunsani zomwe mumalandira kuntchito yakale, onjezerani pang'ono. Musatero. Makampani ambiri amapempha peyisilipi yomaliza asanakupatseni kalata, ndipo ena amaimbira foni komwe munachoka. Chipata ndi tauni yomwe a ma ofesi amadziwana. Bodza la K1,500 likhoza kukuluzitsani ntchito yomwe munali mutaipeza kale. Ngati malipiro akale anali otsika, nenani zoona, kenako onjezerani kuti udindo watsopanowu uli ndi ntchito zambiri, n'kuzitchula: kuyang'anira anthu, kusunga ndalama, kuyenda m'maboma. Ngati munkalandira zina zosaoneka pa peyisilipi, monga nyumba ya kampani kapena chakudya, ziwerengereni mtengo wake, chifukwa nazonso ndi malipiro.

Okonzekeretsa amene amangotengera mafunso pa intaneti sadziwanso mmene ntchito za kuno zimakhalira, ndipo izi zimaoneka msanga. Ntchito zambiri za ku Eastern Province ndi za nyengo. Kalaliki wogula thonje kapena soya amalembedwa miyezi yochepa ya msika, ndiye malipiro a mwezi ayenera kuonedwa pamodzi ndi miyezi yomwe adzakhale pakhomo. Wa ku malo ogona alendo ku Mfuwe afunse ngati amapatsidwa pogona ndi chakudya, ngati amalipidwa m'miyezi ya mvula pamene makampu ena amatseka, komanso mmene service charge ya 10 peresenti yomwe alendo amalipira imagawidwira kwa antchito. Mlangizi wa zaulimi woyenda m'midzi ya ku Vubwi kapena Mambwe afunse kuti njinga yamoto ndi ya ndani, mafuta amagula ndani, ikawonongeka amakonza ndani, ndipo akagona kumunda amapatsidwa zingati usiku umodzi. Wogulitsa ngongole kapena inshuwalansi afunse kuti ndalama yokhazikika ndi zingati ndipo komishoni imayamba akafika pati, chifukwa nambala yaikulu yomwe amakutchulirani nthawi zambiri ndi ya mwezi womwe mwakwanitsa zonse. Mafunso awa akhoza kusintha phindu la ntchito kuposa K500 yomwe mungalimbirane pa gross.

Nthawi yoyeserera ntchito nayo imafuna kusamala. Pali olemba ntchito amene amati, tiyambe ndi K4,500, mukatsimikizidwa tidzakweza. Lamulo limalola probation ya miyezi itatu, yomwe ikhoza kuwonjezeredwa ndi miyezi ina itatu. Kuvomera malipiro otsika pa nthawiyi si kulakwa ngati ntchitoyo mukuifuna, koma nambala ya pambuyo pake ilembedwe m'kalata, ndi mwezi womwe idzayambire. Lonjezo la pakamwa limaiwalika bwana akasamutsidwa. Kontrakiti ya miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira iyenera kukhala yolembedwa, ndipo mukhoza kupempha tsiku limodzi kapena awiri kuti mukaiwerenge kunyumba musanasaine. Imeneyi ndiyo nthawi yabwino yokambirana, pamene akusankhani kale, kusiyana ndi tsiku la intavyu pamene muli m'gulu la anthu khumi.

Chinthu chimodzi choyenera kukumbukira amene akufunsira udindo wokwererapo: mukadutsa K9,200, pa K100 iliyonse yowonjezera mumatsala ndi pafupifupi K58, popeza K37 yapita ku msonkho ndipo K5 ku NAPSA. Choncho kampani ikakana kukweza gross, musaone ngati zokambirana zatha. Funsani za thandizo la chipatala la banja lonse, mabando a foni ya ntchito, kulipiriridwa mayeso a ZICA (bungwe la akatswiri owerengera ndalama) kapena maphunziro ena, kapena kuti malipiro adzaonedwenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Bwana amene alibe mphamvu yosintha sikelo nthawi zambiri amakhala ndi mphamvu pa zinthu ngati izi.

Ndiye ntchitoyi ndi yoyenera kulipira? Kwa womaliza kumene koleji amene sanakhalepo pamaso pa ofunsa, inde, chifukwa cha kuyeserera ndi CV. Kwa munthu amene wagwirapo ntchito zaka zingapo ndipo nkhawa yake yaikulu ndi malipiro, ambiri mwa malo amenewa sangamuthandize, ndipo chiganizo choloweza chija chikhoza kumubweza m'mbuyo. Alipo ochepa omwe amachita bwino, makamaka amene anagwirapo ntchito yolemba anthu kapena yokonza malipiro, ndipo sikovuta kuwazindikira musanatulutse ndalama. Mufunseni kuti pa gross ya K8,000 munthu amatsala ndi zingati. Akatenga pepala n'kuyamba kugawa magawo a PAYE, NAPSA ndi NHIMA, khalani pansi. Akayamba kukuuzani za kudzikhulupirira ndi kumwetulira, lipirani za CV zokha. Mukhozanso kufunsa ngati ndi membala wa ZIHRM, bungwe lomwe limayang'anira akatswiri oona za antchito m'dziko muno. Ndipo aliyense amene akuti mukawonjezera ndalama akulumikizani ndi bwana wa kampani, musiyeni pomwepo, chifukwa ameneyo sakugulitsa maphunziro.

Mukaganiza zopita, tengani chikalata chotsatsa ntchitoyo, peyisilipi yanu yomaliza ngati muli nayo, ndi pepala lomwe mwalembapo zogula za pamwezi. Gwirizanani mtengo ndi kutalika kwa nthawi musanayambe, ndipo nenani kuti mukufuna mphindi zosachepera 20 zipite pa malipiro okha. Pemphani kuti akufunseni funsolo katatu m'njira zosiyana: koyamba mofatsa, kachiwiri akukanireni nambala yanu n'kunena kuti ndi yokwera, kachitatu akufunseni za malipiro akale. Yeserani m'Chingerezi ngati intavyu idzakhala m'Chingerezi, chifukwa manambala ndi omwe amayamba kusokonekera pakamwa munthu akachita mantha. Jambulani mawu anu pa foni, mukamvere kunyumba, ndipo muone ngati munatchula kuti gross, ngati munafunsa za basic, komanso ngati munakhala chete mutatchula nambala.